Nandolo wa Sajeni

1994

Ndinafika kumunsi kwa phiri la Michesi chaka chimene tinasankha boma loyamba la zipani zambiri. Tinakwera pamwamba pa lole, ine, mayi anu, inu ana, mipando ndi njinga ya boma yopanda mabuleki. Phalombe nthawi imeneyo anali akadali pansi pa Mulanje, ndipo ine ndinkachokera ku Dowa, kumene munthu wa ntchito yanga, mlangizi wa ziweto, ankapatsidwa mpando pamaliro. Anandituma kudzayang'anira dibi, thanki ija yosambitsiramo ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Inu za ulendowo mumangokumbukira fumbi. Ine ndimakumbukira kuti nditapita kukaona malo anga a ntchito ndinapeza thankiyo itang'ambika, achule akuswana m'madzi obiriwira, mpanda wake anthu atasonkhera moto kalekale. Ng'ombe zambiri za deralo zinali zitapita ndi madzi a napolo amene anagumula phiri zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo zotsalazo eni ake ankazigulitsa msangamsanga mbava zisanawathandize kugulitsa.

Ndinapalasa njinga kukadandaula kwa bwana wanga. Dzina lawo sinditchula, ana awo alipo ndipo amandipatsa moni mwaulemu. Anali munthu wokonda tayi ndi misonkhano. Ndinati, "Bwana, simenti yokonzera thanki palibe, mankhwala palibe, ng'ombe nazonso palibe. Ine ndizigwira chiyani?" Iwo anaseka nati, "A Chimphepo, zinthu zasintha. Masiku ano mlimi azidzigulira yekha mankhwala. Inu muzingolangiza." Ndinati, "Ndizilangiza ndani, achule?" Sanasekenso, ndipo kuyambira tsiku limenelo ena akamapita ku semina ine ankandiiwala. Pakamwa panga pandilepheretsa zambiri, zimenezo mayi anu angakuuzeni bwino. Ndinakhala choncho zaka ziwiri, kufula atonde, kubaya agalu katemera wa chiwewe akapezeka, ndi kuyang'ana nkhuku zikutha ndi chitopa chaka ndi chaka.

1996

Pafupi ndi nyumba yathu panali kachipatala ka mpingo. Munalibe dokotala. Munali namwino mmodzi amene analinso mzamba, mayi Nakhumwa, munthu wamfupi wolankhula mosapsatira. Uchembere ukavuta, mwana akagona chopingasa kapena magazi akakana kuleka, wodwalayo ankayenera kupita ku chipatala chachikulu, ulendo wa theka la tsiku wapansi. Msewu wake napolo anausiya uli miyala ndi zigwembe zokhazokha, moti galimoto inkafika m'chilimwe basi. M'dzinja amayi ankanyamulidwa pa machila, ndipo ena ankabwerera pa machila omwewo ataphimbidwa kumaso.

Pa mishoni panali bulaza wina wokalamba wa ku Ulaya, m'bale wodzipereka kutumikira mpingo, kalipentala, amene tonse tinkangomuti Abulaza. Iwo ndi amene anapempha hatchi kwa mzungu wa ku minda ya tiyi amene ankabwerera kwawo, nakhoma ngolo ya matayala a galimoto, ya matiresi ndi denga la lona. Ana anaitcha hatchiyo Sajeni chifukwa cha kayendedwe kake konyada. Woyendetsa ngoloyo anali a Muhiwa, mkulu wa mpingo, bambo wamtali amene kale anali ndi ngolo ya ng'ombe zake madzi asanazitenge. Chaka chimenechi Abulaza anadwala ndipo akuluakulu awo anati abwerere kwawo. Anandiitana kukhola nati, "Bambo Chimphepo, inu dokotala wa nyama. Ine ndipita. Sajeni ndisiya kwa inu." Ndinati, "Abulaza, hatchi ine ndinangoiona pa chithunzi kusukulu." Anati, "Ng'ombe munaiona?" Ndinati, "Zambirimbiri." Anati, "Chabwino. Iwalani ng'ombe."

Masiku otsatirawo anandiphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani, ndipo ine, amene sindikonda kuphunzitsidwa, ndinamvetsera. Ng'ombe imabzikula, ili ndi zifu zinayi, imatha kufinya moyo ngakhale m'mapesi ouma. Hatchi ili ndi chifu chimodzi ngati munthu, ndipo kwa iyo kukhuta ndi kwina, kumanga thupi ndi kwina. Tinamuzunguliza Sajeni chingwe pachifuwa, tinayezanso kuchokera paphewa mpaka kumbuyo, ndipo tinapeza kuti akulemera ngati matumba asanu ndi atatu a chimanga. Thupi lotero, mukaligawa magawo makumi asanu, gawo limodzi ndiwo muyeso wa chakudya chouma cha tsiku limodzi. Pa chakudya chimenecho, mwa magawo khumi alionse, limodzi liyenera kukhala lomanga thupi, chimene mabuku amati puloteni, ndipo wokoka ngolo amafuna koposerapo pang'ono. Udzu wouma wa m'chilimwe sufika bwino ndi pa theka la muyesowo pomwe. Gaga amangofika pamzere. Nandolo ndiye ali ndi magawo awiri mwa khumi, ndipo iye ndi amene amakwirira dzenje losiyidwa ndi udzu. Titawerengera zonse tinatsika pa muyeso woti aliyense aumve: mtolo wa udzu, kandowa ka gaga, ndi mbale zitatu za nandolo wokazinga ndi kusinja. M'dzinja nandolo tinkachepetsa, chifukwa kuseri kwa tchalitchi kunali dambo la mishoni lotchingidwa ndi mpanda, ndipo msipu wanthete wa mmenemo unkamanga thupi paokha.

A Muhiwa ankaona zonsezi ataima potero, manja kumbuyo. Abulaza atachoka anandiuza kuti, "Adokotala, inu a ku Dowa mukuti chilombo chizidya ndiwo? Mawa mudzati timutendere." Ndinati, "Mutendereni, bola akoke ngolo." Tinaseka, ndipo ubwenzi wathu unayambira pamenepo. M'mawa uliwonse ankandilonjera m'Chilomwe, "Mosheliwa, adokotala?" kuti amve mmene lilime langa lipindikire poyankha. Mpingo unagwirizana kuti nandolo akakololedwa, mayi aliyense azibwera ndi mbale imodzi kutchalitchi. Ankati nandolo wa Sajeni, ndipo ankabweretsa ngakhale a mipingo ina, chifukwa ngolo sinkafunsa kuti mumapemphera kuti. Nandoloyo tinkamusunga m'kachipinda ka pafupi ndi khola, kiyi wake ali m'thumba mwanga. Zaka zimenezo ndizo zokha pa ntchito yanga yonse ku Phalombe zimene ndinkadzuka ndikudziwa kuti ndadzukira chiyani. Ngolo ikamadutsa amayi ankaimirira m'minda n'kukweza makasu, ndipo mayi Nakhumwa anandiuza kuti anasiya kuopa mitambo.

2001

Pofika chaka chimenechi Phalombe anali atakhala boma pa yekha, tinali titalandira bwana watsopano ndi zidindo zatsopano, koma thanki ya dibi inakhalabe ya achule. Kenaka kunabwera chaka chimene sindifuna kuchikumbukira, koma ndi chimene ndakhalira pansi kulemba. Mvula inagwa yopitirira, chimanga chinaima m'madzi n'kuchita chikasu, ndipo ambiri anakolola chongokwanira miyezi yowerengeka. Pofika Okutobala nkhokwe zinali pululu. Makaka, chinangwa chouma chija, anatha, nyemba za kalongonda zinatha, anthu anayamba kuphika mango osapsa ndi zitsa za nthochi. Ku chigayo amayi ankakanganirana gaga, amene kale ankapatsa nkhumba, ndipo ena ankasesa pansi ndi manja. Inunso munadya gaga chaka chimenecho, ngakhale mayi anu ankakuuzani kuti ndi mgaiwa wa mtundu wina.

Ana ndiwo anayamba kuonetsa. Ankabwera nawo kuchipatala mapazi atatupa, tsitsi litafiira, mimba zili tolotolo, osalira n'komwe. Mayi Nakhumwa anawamangira chisakasa kuseri kwa chipatala n'kumawaphikira phala. Ufa wothandizira unabwera kamodzi, unatha, sunabwerenso. M'kachipinda kanga munali matumba a nandolo, wa chaka chimenecho wochepa kuphatikiza wotsala wa chaka chatha, ndi gaga amene tinagula mitengo isanapenge. Ndinali nditawerengera kuti zimufikitsa Sajeni ku zokolola zina.

Tsiku lina m'mawa ndikuthira nandolo m'chodyera, ndinamva kuti kumbuyo kwanga kuli anthu. Anali amayi awiri a kuchisakasa, ana kumsana, ataima pampanda, akungoyang'ana kukamwa kwa hatchi. Sanapemphe kanthu, ndipo bola akanapempha. Mayi Nakhumwa anabwera n'kuima pambali panga. Anati, "Bambo Chimphepo, inu mumadziwa kuwerengera. Mbale zitatuzi ndi gagayu, ine ndingaphikire ana angati?" Ndinadziwa kumene funsolo likupita, ndipo mtima unandiuza kuti ndichepetse. Koma masamu omwe aja a Abulaza amagwiranso ntchito pa mwana wa munthu. Ndinati, "Ngati ndi phala loti thupi libwerere, pafupifupi makumi awiri." Anati, "Tsiku lililonse?" Ndinati, "Tsiku lililonse." Anati, "Nanga iyeyu akasiya kudya nandolo?" Ndinati, "Safa msanga. Koma adzayamba kudya minofu yake yomwe. Pofika Febuluwale, mitsinje itadzaza, nthawi imene mumamufuna kwambiri, sadzakoka ngolo." Anati, "Sabata ino ndaika awiri m'manda. A Febuluwale sindinawaone nkhope. Awa ndikuwaona."

Nkhani inapita ku komiti ya chipatala. Mutu umodzi susenza denga, amatero, koma tsiku limenelo ndinaona mitu yambiri ikuthawa denga. Bambo mfumu, amene ankabwera kamodzi pamwezi, anati odziwa za ziweto ndi adokotala. Bwana wanga ku boma, nditamufunsa, anati hatchi sili pa ndondomeko ya ofesi yathu, ndipo anadabwa kumva kuti m'dera langa muli hatchi. Wina anati Sajeni timudyetse lukina, mtengo wa masamba uja amene mbuzi zimanenepa naye. Ndinafotokoza kuti lukina amathothola hatchi ubweya n'kuononga ziboda. Wina anati soya. Ndinamufunsa kuti soyayo wamuona kuti, tikamugule tonse. Wapampando anati, "Kiyi ali ndi a Chimphepo. Chimene anene iwo, ife tavomera."

A Muhiwa sanalankhule pa msonkhanowo. Anandipeza pambuyo pake panjira. Anati, "Adokotala, ine musandifunse, ndang'ambika pakati. Mdzukulu wanga Ndaziona ali m'chisakasamo, mapazi ngati mikate. Amake, Felesiya, mwana wanga, ndi woyembekezera, adzachira mu Febuluwale. Ndaziona yemweyo pobadwa anavuta, anamunyamula ndi Sajeni. Bambo wake anapita ku ganyu ku Mozambiki, sitikumva kanthu. Ndiye ine ndinene kuti chiyani?" Tinayenda limodzi mpaka pamphambano.

Ndinakhala ndi nkhaniyi masiku angapo, chakudya osachimva kukoma. Ndinawerengera uku ndi uku kufuna njira yapakati, yoti ana alandire theka, hatchi theka. Sizinatheke. Theka silikanapulumutsa ana ndipo silikanasunga mphamvu za Sajeni, mapanga awiri avumbwitsa. Chimene chinandilimbitsa mtima ndi dambo lija. Ndinati mvula ikagwa mu Novembala msipu uphuka, ndipo Sajeni akamadya wanthete usana wonse, n'kumapuma osagwira ntchito zina, mwina adzafika mu Febuluwale ali ndi mphamvu zokoka ulendo umodzi kapena maulendo awiri. Ndinapita kwa mayi Nakhumwa n'kuika kiyi patebulo pawo. Sindikulemba izi kuti ndilape. Mutandibwezera tsiku limenelo, ndi amayi awiri aja ataima pampanda, kiyiyo ndingamuperekenso.

Mvula inagwadi, msipu unaphuka, ndipo kwa masabata angapo ndinkadziona ngati wanzeru. Kenaka m'mawa wina ndinamva makasu kuseri kwa tchalitchi. Ndinathamangirako n'kupeza mpanda atatsegula, amayi ali m'mizere akugaula dambo. Akuluakulu a mpingo anali atagawira malowo amayi amasiye ndi ena amene anadya mbewu yawo, kuti abzale mbatata ndi chimanga chocha msanga. Ndinakalipa kwambiri, ndinanena mawu amene munthu sanena pa malo a tchalitchi. Gogo wina anaweramuka, nagwira m'chiuno, nati, "Adokotala, pepani. Udzu uli paliponse, phiri lonseli ndi udzu. Ife tizikamumwetera. Koma mbatata sitingabzale pamwala." Ndinabwerera kunyumba manja ali lende.

2002

Mukudziwa mwambo wa dzinja kumudzi. Mbewu zikamera chiweto chilichonse chimamangidwa pachikhomo, ndipo chikalowa m'munda mwa munthu ndi mlandu. Chaka cha njala mlanduwo ukanatha ndi chikwanje. Choncho Sajeni, amene ankayenda ngati msilikali, anamangidwa chingwe m'mbali mwa msewu ngati mbuzi. Malo osalimidwa kunalibe. Ndinkamusuntha kuchoka pa chulu ichi kupita pa chulu icho, koma msipu wa pamenepo ankaumaliza dzuwa lisanakwere. Amayi aja anasunga lonjezo lawo. Anthu oti iwo eni akuyenda mwapendapenda ankakwera m'phiri n'kutsika ndi mitolo, koma ankamweta udzu wautali wokhwima, wonga wofolerera nyumba, chifukwa ndi umene umadzaza mtolo. Ena ankabweretsa makungwa a nthochi. Ndinayesa kuwauza kuti azithyola wanthete, wam'munsi. Ankavomera mwaulemu, mawa lake n'kubweranso ndi womwewo, chifukwa kwa iwo kupatsa mlendo kachakudya kochepa m'manja n'kumunyoza.

Sajeni ankadya usana wonse, ndipo mimba yake inakula n'kulendewera. Anthu odutsa ankaima n'kumati, "Taonani, wanenepa! Adokotala ankangotiopseza." Mawu amenewo ankandipsetsa mtima kuposa njala yomwe. Ndinkawagwira dzanja n'kuliyendetsa pamsana pa hatchiyo, pamene fupa linali litatuluka ngati mpeni, ndi pa ntchafu zimene zinali zitaphwa. Ndinkati, "Yang'anani apa, musayang'ane mimba. Chokoka ngolo ndi ichi, ndipo chatha." Ankagwedeza mutu kundisangalatsa. Kwathu kuno wokhuta ndiye wadya, ndipo mimba yaikulu ya chiweto ndi ulemu wa mwini wake. Mayi Nakhumwa okha ndi amene ankamva, chifukwa mimba zotero ankaziona tsiku lililonse m'chisakasa. Kumayambiriro kwa Febuluwale ndinawauza a Muhiwa pamaso pa namwinoyo kuti ngolo yaima, Sajeni asamangidwenso pa ngolo, wodwala azipita pa machila. A Muhiwa anati, "Ndamva, adokotala." Koma ananena akusisita mimba ya hatchiyo, ndipo anaonjeza chapansipansi kuti, "Komatu akudya."

Tsiku limene ngolo inafunika ine kunalibe. Anatiitana ku boma ku msonkhano wa kalembera wa ziweto, chaka choti anthu anali atasinthanitsa mbuzi zonse ndi timbale ta chimanga. Ndinanyamuka mbandakucha. Zimene zinachitika kumbuyo anandifotokozera mayi Nakhumwa. Felesiya anafika kuchipatala matenda atamuyamba dzulo lake. Namwino atamuyeza anapeza kuti mwana wagona chopingasa, ndipo anati anyamuke nthawi yomweyo. Machila amafuna amuna ambiri olandizana, koma anapezeka ochepa, nawonso maso ali m'kati ndi njala. A Muhiwa anawayang'ana amunawo, anayang'ana Sajeni amene anali pachikhomo mimba ili nganganga, nati, "Awa akatigwetsera mwana panjira. Ngolo ifulumira." Mayi Nakhumwa anatuluka n'kuwakumbutsa mawu anga. Iwo anati, "Amayi, ine ndayenda naye zaka zonsezi, ndimamudziwa. Ulendo umodzi wokha akoka." Namwinoyo anali ndi mayi wina pabedi ndi ana chisakasa chonse, sakanatha kulimbana nawo. Choipa kwambiri n'chakuti amuna a machila aja anauzidwa kuti abwerere kwawo. Ananyamuka a Muhiwa, akazi awo ndi wodwalayo basi.

Ine ndinakumana nawo dzuwa litapendeka, ndikubwerera pa njinga. Pali malo ena msewu ukaoloka mtsinje umakwera chitunda cha miyala, kutali ndi midzi. Ndili patali ndinaona denga la lona litapendekeka. Sajeni anali atagona cham'mbali, malamba akadali m'thupi, akupuma mofulumira, maondo ali magazi. Anali atakoka bwinobwino pa chigwa ponse, anaoloka madzi, koma pa chitundapo anagwada, anadzuka, anagwadanso, kenaka anagwa osadzukanso. A Muhiwa anali atathamanga kukafuna anthu, ndipo m'midzi iwiri yoyamba anapeza amuna onse atapita ku ganyu. Pamene ine ndinkafika n'kuti iwo akungobwera kumene ndi anyamata anayi. Sitinayang'anane kumaso. Tinazula zitsulo za denga, tinamangapo lona, tinamugoneka Felesiya n'kunyamula, ine kutsogolo ndi bambo ake.

Sankabuulanso. Amake ankayenda pambali atamugwira dzanja, akumuitana dzina kuti asagone. Pena anatsegula maso nafunsa kuti, "Ndaziona wamwa phala?" Amake anati, "Wamwa, mwanawe, wamwa." Tinayenda, tinalandizana, tinayendanso. Denga la chipatala chachikulu litayamba kuoneka, amake anaima n'kunena kuti, "Tsitsani." Tinatsitsa. Anapita pamodzi ndi mwana amene anali m'mimba. Ndaona imfa zambiri, za anthu ndi za ziweto, koma pamenepo ndinakhala pansi m'matope, ine mlangizi wa boma, n'kulira ngati mwana.

Mawa lake, anthu ali pa maliro, ndinabwerera pa chitunda paja ndi mlenje wina wa mfuti, chifukwa mankhwala ogonetsera chiweto ndinalibe. Sajeni anali akadali moyo. Atamva mawu anga anayesa kudzutsa mutu. Ndinamumasula malamba, ndinamusonyeza mlenjeyo poyenera kuloza, ndipo ndinatembenuka. Anthu a midzi yapafupi anali atasonkhana, anjala okhaokha, ndipo ndinkayembekeza kuona mipeni. Palibe anasolola. Mayi wina anati, "Ameneyu anandinyamula ine. Sitingadye." Mphamvu zokumba dzenje panalibe amene anali nazo, choncho tinamukokera m'chigwembe n'kumuunjikira miyala.

Nandolo uja anafikitsa ana ku chimanga chachiwisi. Ena anamwalirabe, amene anabwera mochedwa, koma ambiri anatuluka m'chisakasa akuyenda okha, ndipo Ndaziona anali mmodzi wa iwo. Mayi Nakhumwa anandiuza kuti popanda nandoloyo sakanadziwa kuti manda akanathera pati. Anandiuzanso, chifukwa sanali munthu wobisa, kuti dzinja limenelo ndi lotsatira lake Felesiya sanali yekha amene anatsitsidwa panjira. Ngolo inaolera kuseri kwa chipatala. Hatchi ina sinabwere, ndipo ine ndinabwerera ku ntchito yanga yofula atonde, kumene kunalibenso atonde.

Patapita masabata angapo chichitikire maliro, a Muhiwa anabwera kunyumba masana. Anali ataonda, jekete likulendewera. Tinakhala pakhonde. Kenaka anati, "Adokotala, munandiuza. Sindikukana. Amene anamanga malamba ndine." Ndinati, "A Muhiwa, amene anapereka kiyi ndine." Anati, "Eya. N'chimene chikundisowetsa tulo. Ndikamuona Ndaziona akuthamanga pabwalo, ndimanyamuka kuti ndidzakuthokozeni. Ndikafika pa mtengo wa mango uwo ndimakumbukira amake, ndimabwerera. Lero ndangoti ndifike."

Mayi anu anatuluka ndi madzi osamba m'manja ndi maungu oyamba a chaka chimenecho, nagwada n'kuika patsogolo pawo. A Muhiwa anayang'ana mbaleyo, anaomba m'manja mwaulemu, nati, "Zikomo amayi, ndadya kale." Mwezi umenewo kunalibe munthu m'dera lonselo amene anali atadya kale. Ndinakhala nawo pafupi zaka zina mpaka ndinapuma pa ntchito. Tikakumana ankavula chipewa n'kundipatsa moni ndi manja awiri, ndipo pa tsiku losamuka anatithandiza kukweza katundu pa lole. Koma pakhomo panga sanalawepo kanthu, ngakhale madzi akumwa.